Batani Lomwe Tihomir Sanazimitse

Tihomir Gachev ndi wa ku Gabrovo, kumene anthu amanenedwa kuti ndi oumira moti amadula amphaka michira kuti chitseko chizitsekedwa msanga, kutentha kusatuluke m'nyumba. Iye sakana. Zaka makumi awiri wakhala akumanga masamba a pa intaneti ku Plovdiv, ndipo kuumira kwake kuli pa ntchito: chinthu chosakakamizidwa sachita, ngakhale mumugwadire.

Chimango cha pa kompyuta chimene amamangirapo masamba chili ndi buku lake, ndipo m'bukumo muli malamulo ndi malangizo. Ukaphonya lamulo, tsamba limakana kutseguka, kompyuta n'kukulalatira ndi zilembo zofiira. Ukanyozera malangizo kumangokhala zii, tsamba limayenda bwinobwino. Tihomir ankawerenga malamulo okha.

"Zikapanda kukuwa ndiye kuti zili bwino," ankamuuza Desislava, mnzake wa pa desiki yoyandikana, uku akugwetsera nyenyeswa za banitsa, chitumbuwa cha kwawoko, pa kiyibodi.

"Inu a ku Gabrovo inu, tsiku lina mudzalira."

"Misozi ndi yaulere, mayi."

Chaka chatha adamangira tsamba kabungwe kosunga amayi othawa nkhanza. Aka kanali koyamba kugwira ntchito osalipitsa, chifukwa mlongo wake Nevyana akubisala m'nyumba ina ya kabungweko. Mwamuna wake, Kolyo, adamuthyola nthiti ziwiri, ndipo mpaka lero akumusakasaka. Nyumbazo zilibe zikwangwani. Kumene zili kudalembedwa m'kati mwa tsambalo, mobisika.

Ndiye m'chimangomo muli kabatani kena. Kakakhala koyatsa, tsamba likangolakwitsa limaonetsa zam'kati mwake zonse, kuti womanga aone povuta. Buku limati ndi bwino kukazimitsa ntchito ikatha. Silinena kuti ndi lamulo. Tihomir adakasiya koyatsa.

Lachiwiri lina m'mawa Desislava ankathandiza neba wake kulemba pa tsambalo uthenga wopita ku kabungweko, ndipo adalakwitsa nambala ya foni.

"A Tihomir, tabwerani kuno."

Za Gabrovo sadazitchule, ndipo Tihomir adadziwa kuti zavuta. Pa kompyuta ya Desislava panali mayina a amayi, misewu ndi manambala a nyumba, poyera, aliyense n'kuwerenga. Mzere wachitatu unali wa Nevyana.

Mantha adamugwira moti adalakwitsa katatu mawu ake achinsinsi. Kuzimitsa batanilo kunali kusintha liwu limodzi basi, ntchito ya masekondi asanu. Kenako adatsegula kaundula wa alendo a tsambalo kuti aone amene adauonapo mndandandawo. M'miyezi khumi ndi umodzi udangooneka kwa makina akunja ongoyendayenda pa intaneti, opanda munthu kumbuyo kwake. Koma dzulo lake masana udatsegulidwa ku Karlovo, kawiri motsatizana, ngati munthu amene wabwerera atatenga cholembera. Ku Karlovo ndi kwawo kwa Kolyo.

"Ku Karlovo kuli anthu ambirimbiri," adatero Desislava, koma anali atayamba kale kuimbira apolisi.

Tihomir adaimbira mlongo wake. Foni idaitana, kuitana, kuitana. Munthu amene sapita kutchalitchi kuopa kugula kandulo adapezeka akupemphera.

"Achimwene!" Mawu a Nevyana anali ansangala, moti Tihomir adakhala pansi n'kupuma. "Ndimati ndikuimbireni. Zikomo maluwa aja, ndawapeza pakhomo m'mawa uno. Mwayamba liti kuwononga ndalama inu?"

"Maluwa ati, Nevyana?"

"Musandiseke. Kupatula amayi a kabungwe, akudziwa kuno ndinu nokha. Koma kuwerenga kwakuvutani? Amoyo timawapatsa atatu kapena asanu. Awa ndi anayi, ngati opita nawo kumanda."

Tihomir chibadwire sadaguleko duwa.

"Khoma chitseko, mlongo wanga. Khoma pompano."

"Dikirani kaye, achimwene," adatero Nevyana. "Wina akugogoda."