Muyeso wa Mlamu Wanga

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndinkagulitsa mbatatesi pamsika wa Zóbuè. Mabanka athu ogulitsirapo tinawathithikanitsa, pakati nkungosiya kanjira kokwana munthu mmodzi, woyenda chammbali. Nanga si tinazolowera kuponda pomwe waponda mnzako, kuopa mabomba okwiriridwa?

Tsiku lina kunabwera fisikali, woyang'anira msika. Anati moto utabuka tingapondane, ndiye njira ikule, apo ayi aphwasula mzere wathu wonse. Anatchula mametulu a kukula kwake kwa njirayo, koma ife metulu yoyezera tikanaiona kuti?

Mlamu wanga wogulitsa nyemba, mayi wathupi lake ndithu, anaimirira. "Bambo, ineyo nditadutsa ndi dengu m'chiuno osagunda kanthu, ndiye kuti yakwana?"

Fisikali anamuyang'ana uku ndi uku. "Mayi, pamenepo ndiye yapitirira."

Tinayamba kukankha mabanka, mlamu wangayo akudutsa monyang'wa ngati mkwatibwi. Kawiri konse anagwetsa tomato wa eni ake, ife nkukankhanso.

"Alamu, musadzaonde," ndinamuuza, "mungatiphwasulitse."

Fisikali uja mzere wathu anausiya osauphwasula. Chaka chonsecho, aliyense akawotcha chimanga ankayamba wabenthulira mlamu wanga.