Mwezi wa Che Hassani

Ku Naisi munthu akakuuza nkhani yopanda mutu, anthu amati, "Umenewo ndi mwezi wa Che Hassani." Amanena akuseka, ambiri osadziwa n'komwe kuti Che Hassaniyo anali yani. Zimawawa kumva, abale, chifukwa munthuyo sanali wabodza ngakhale pang'ono.

Che Hassani anali telala. Kwawo kunali kwa Malemia, koma makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Naisi, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Kusoka ankasoka bwino ndithu, koma chinawatchukitsa ndi maso. Akuluakulu amati mwezi satungira mkanda, koma iwowa ankalowetsa ulusi pasingano dzuwa litalowa kale, nyale osayatsa. Ndiye Ramazani ikamatha, Asilamu a m'midzi yonse yozungulira ankadikira iwo. Chigwa cha Domasi n'chotsekeka ndi mapiri kumadzulo, moti mwezi watsopano umangosuzumira pang'ono n'kubisala kuseri. Koma Che Hassani anali ndi chulu chawo kumunda, pamene munthu amaona mpata wa pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa. Ankakwera pamenepo dzuwa likamalowa, n'kukaona kamwezi kowonda ngati chikhadabo chowenga, anzawo akungophethira. Akatero ankatsikira kumzikiti, n'kuima pamaso pa Shehe Alaudin, n'kulumbira kuti, "Ndauona ndi maso anga." Mawu amenewo ndiwo ankamasula anthu kuti kusala kwatha, mawa ndi Idi.

Paja lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Chinayamba ndi timaulusi takuda tosambira m'maso. Akati atitsatire, tinkathawira pambali. Kenaka misoko inayamba kukhota. Akazi awo, mayi Lukiya, ankawalowetsera ulusi m'masingano osokera mabatani m'mawa uliwonse, iwo n'kuwabaya mkati mwa mzuli kuti ku Naisi asaonekere. Mayiwo akati, "Bambo a Sakina, tiyeni kuchipatala," ankayankhidwa kuti ndi fumbi chabe la mumsewu.

Chaka cha 1973 anakwera pachulu monga kale. Pampata paja panaoneka kanthu kopindika, iwo n'kuthamangira kumzikiti kukalumbira. M'mawa mwake mbuzi zinaphedwa, mpunga unaphikidwa, anthu anavala mikanjo yatsopano imene anasoka iwo omwe. Masana kunafika uthenga wakuti ku Zomba ndi ku Liwonde anthu akadasalabe, palibe wauona mwezi. Kalanga ine! Chimene anaona chija sichinali kumwamba, chinali m'diso mwawo momwe. Mudzi wonse unachita kubweza tsiku limenelo la kusala. Shehe sanawakalipire, anangoti kulakwa n'kwa munthu. Koma pakamwa pa anthu ndani angatseke? Mwana akanama kuti watunga madzi, mayi ake ankati ndi mwezi wa Che Hassani, mwini dzina ali pomwepo akupalasa makina.

Chaka chotsatira, maofesi a boma akusamukira ku Lilongwe, azungu ambiri a ku Zomba ankagulitsa katundu wawo. Tsiku lina pakhonde paja panafika Kizito, Mkatolika wina amene ankayenda panjinga ndi kamera kujambula maukwati, atabweretsa buluku loti aike chigamba. Pocheza anatchula za mphunzitsi wina wachizungu amene ankagulitsa telesikopu, galasi loonera nyenyezi.

"Chinthu chimenecho, Che Hassani, mwezi umabwera pafupi ngati mbale ili pamphasa. Ukamangirirako kamera, ungathe kuujambula."

"Ngakhale kamwezi ka tsiku loyamba?"

"Kaya, koma ndikuganiza choncho."

Che Hassani anasiya kupalasa. Galasi liwabwezera maso, chithunzi chiwachitira umboni, dzina lawo liyera. Mumtima mwawo nkhani inathera pomwepo. Sabata isanathe anagulitsa makina kwa Aufi, telala amene anamuphunzitsa iwo omwe kudula nsalu, ndipo chinthucho chinafika kwa Malemia chitamangidwa panjinga ya Kizito.

Mayi Lukiya anachiyang'ana, chimpaipi chotalika ngati munsi ndi miyendo itatu yamatabwa. Atamva kumene kwapita makina anakhala pansi, manja kumutu.

"Bambo a Sakina, tizidya mwezi ife?"

"Munthu wopanda dzina, mayi, ngakhale chakudya sichitsika."

"Nanga wopanda chakudya, dzina limamutsikira?"

Anthu a m'mudzi anatcha chimpaipicho mzinga, ndipo dzinalo linakanirira.

Kuimika mzingawo inali ntchito, musamve. Anasalaza pamwamba pa chulu ndi khasu, miyendo n'kuitsamiritsa ndi miyala. Kizito ataloza kuphiri n'kusuzumira, anafuula kuti mitengo yonse ili chadodolido. Che Hassani anapsa mtima, amvekere mzungu uja wawagulitsa chowonongeka, koma mzunguyo n'kuti atapita kale kwawo. Kizito anawatonthoza kuti mwezi ulibe mutu kapena miyendo. Kamera anaimangirira kukagalasi kosuzumirako ndi malegeni a chubu cha njinga. Vuto linali lakuti ukangoikhudza, mzinga wonse unkanjenjemera. Kizito anachita kutulukira nzeru yotseka kukamwa kwa paipi ndi chipewa, kutsegula kamera, kudikira kuti zonse zikhale bata, kenaka kuchotsa chipewacho kamphindi n'kubwezeranso. Zithunzi zoyamba zitabwera kuchokera ku Zomba kumene ankakazitsukitsa, zinali ngati ufa wotayikira pansi. Zotsatira zake zinayamba kuoneka mwezi.

Pakati pa Ramazani, mwezi uli wathunthu, ankayeserera akangotha kufuturu, kudya kwa madzulo komasulira kusala. Kizito ankachita kudumpha ngati mwana.

"Taonani maenjewo, Che Hassani! Kuli maenje ngati munda wofukula nguluwe!"

Che Hassani anaika diso. Anaona kuyera kwakukulu kopanda malire, ngati mkaka m'chikho, timaulusi tawo tija tikusambira momwemo. Maenje sanawaone. Anangoti, "Eee, n'zodabwitsa," n'kudziuza mumtima kuti kuwala akukuona, basi n'zokwanira. Mantha anali nawo, koma anawapondereza.

Linafika tsiku loyang'ana mwezi. Kunali kotentha kwa Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire uli tolotolo m'phiri, kukhosi kwa Che Hassani kuli gwa ndi ludzu la tsiku lonse. Dzuwa litalowa anangolawa madzi, osatsika pachulu. Kizito anayendetsa mzinga pang'onopang'ono pampata paja, kumanzere, kumanja, m'mwamba pang'ono. Kenaka anauma.

"Uwo! Mayi wanga ine, uwo! Kowonda ngati tsitsi!"

Anamangirira kamera msangamsanga, n'kuchita zake za chipewa zija, n'kuimasulanso. "Bwerani, bwerani, ukulowa!"

Che Hassani anaika diso lamanja. Phulusa lokhalokha. Anaika lamanzere. Anapukuta ndi mkono wa mkanjo, anapotokola kachitsulo kowongolera galasi uku ndi uku, anatong'ola diso mpaka misozi. Kanthu kopindika kanadutsa, koma atatembenuza diso nako kanatembenuka. Anakazindikira. Kanali kaulusi komwe kaja kanawanamiza chaka chatha.

"Mwauona?"

"Palibe."

"Uli pakatikati penipeni, bambo! Taonaninso!"

Anayang'ana mpaka Kizito atasuzumira n'kunena motsitsa mawu kuti walowa kuseri kwa phiri. Kenaka Kizito anati, "Pitani mukanene kuti mwauona. Si bodza, ulipo ndithu. Ndikanapita ndine, koma umboni wa Mkhristu pa nkhani imeneyi suwerengedwa, mukudziwa."

Kumzikiti anapeza anthu ali pabwalo, atamaliza swala, pemphero la madzulo, akudikira. Aufi anayamba ndiye: "Nanga mzinga walira?" Anthu anaseka. Shehe Alaudin anakweza dzanja.

"Che Hassani, mwabwera ndi chiyani?"

"Mwezi ulipo, a Shehe. Kizito wauona, waujambulanso."

"Chithunzicho chili kuti?"

"Mpaka akachitsuke ku Zomba."

Kunamveka phwete kumbuyo. Ha, miyezi yonse ija yokonzekera, palibe anaganizapo zoti chithunzi chimachedwa kuposa Idi! Shehe sanaseke nawo. Anali munthu wachifundo, ndipo ankafuna kuwatsegulira khomo.

"Galasi sindikulikana ine. Munthu akaona kudzera m'galasi, waona. Ndikufunsa inuyo, m'bale wanga. Mwauona ndi maso anu?"

Mawu ofunika anali amodzi okha, akuti "Ndauona," ndipo anali pamlomo pa Che Hassani. Mwezi unalipo. Akanalumbira, mawa lake ukanatuluka wonenepa, aliyense n'kuvomereza kuti Che Hassani abwerera. Palibe akanadziwa. Koma munthu wasala mwezi wathunthu, angatseke bwanji kusalako ndi lumbiro la chinthu chimene diso lake silinaone? Anayang'ana kumene kunkachokera mawu a Shehe, poti nkhope sankaiona bwino.

"Sindinauone."

Wina kumbuyo anati, "Chaka chatha kulibe, anauona. Chaka chino ulipo, sanauone!" Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Anthu ena inu, Mulungu akukhululukireni. Shehe analengeza kuti mawa asalanso, ndipo Che Hassani anabwerera kwawo akupapasa njira ndi mapazi.

Chithunzi chinafika Idi itapita kale, mbale za mpunga zitatsukidwa. Chinatuluka bwino, mwatsoka lake. Pepala lakuda, pakati pake kamzere koyera kopindika. Kizito anayenda nacho Naisi yense kuonetsa anthu. Ankachiyang'ana n'kuti, "Zoonadi, unalipo," n'kumubwezera, n'kupitiriza zimene amachita. Mwambi uja sunafe. Chaka chotsatira pachulu panakwera anthu ena.

Kuchipatala Che Hassani anapita pomaliza, mayi Lukiya atawagwira dzanja, koma anauzidwa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo abwera mochedwa. Mzinga panalibe wougula. Unakhala kuseri kwa nyumba mpaka mavu anamanga chisa m'paipi. Pakhomo pankadyedwa za mandasi amene mayi Lukiya ankagulitsa pamsewu. Masiku ena Che Hassani ankapempha kuti awaperekeze ku Naisi, n'kukakhala pakhonde paja kumvetsera makina awo akulira m'manja mwa Aufi. Ankatha kumuuza kuti, "Wathina ulusi wapansi," osaona n'komwe. Aufi ankawongola.

Chithunzi chija ankachisunga mumzuli, momwe munkakhala masingano. Masana ena mayi Lukiya akupeta mpunga pakhonde, anawaona atachitulutsa, atachiyandikiza pamphuno, atapendekera kudzuwa. Nkhope yawo inali itamasuka, zimene mayiwo anali asanazione chichokereni makina.

"Mayi a Sakina, tabwerani. Ndayamba kuuona. Ukuwala apa, eti?"

Mayi Lukiya anaika lichero pansi n'kusendera. Amuna awo ankayang'ana kumbuyo kwa chithunzi, kupepala loyera lopanda kanthu. Anachitenga mwaulemu, n'kuchitembenuza, n'kuwabwezera m'manja, n'kuwagwira chala kuchiika pakamzere kaja.

"Uli apa, bambo."

Che Hassani anayang'ana nthawi yaitali.

"Kunotu kwangoti bii. Tabwezerani kumene kuja."

Mayi Lukiya anachitembenuzanso.