Maliro a Amayi Anadikira Pageti

Ndinaganiza zochoka tsiku limene njovu zinamaliza chimanga chathu. Nditakadandaula kwa mlonda wa nkhalango yotetezedwa yomwe tinachita nayo malire, anandifunsa kuti, "Njovu zimabweretsa azungu, nanga inu mumabweretsa chiyani?" Ndinamugwira pakhosi. Anthu akanapanda kutileretsa, bwenzi izi ndikulembera kundende. Msuweni wanga wa ku South Bend, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, anandikonzera njira, ndinanyamuka.

Ku South Bend ndinkasambitsa nkhalamba za eni, amayi anga atatsala ndi mng'ono wanga Yohane. Kuzizira, kachipinda kamodzi, foni osalira sabata yonse. Ndalama mwezi wina ndinkatumiza, mwezi wina zii. Nditakangana ndi bwana ndinasamukira ku Indianapolis, cha ku Lafayette Road, n'kupeza ntchito yoyendetsa galimoto ya nyama.

Nyamayo ina tinkakasiya kufamu kunja kwa mzinda, kwa mzungu woweta akambuku a ku India, a mizeremizere aja. Alendo ankalipira kuti anyamule tiana tawo ndi kujambulitsa. Tianato ankatilanda kwa make tisanaleke kuyamwa. Make ankangozungulira m'khola, mpaka anapanga kanjira pansi. Mnzanga Chikondi, amene tinkatsitsa naye makatoni, ankandiseka.

"Achimwene, mukukomplena chiyani? Ndi bizinesi. Kambukuyo ndi mlamu wanu?"

"Chinyama chikayamba kulipiritsa, chatha," ndinamuyankha. "Ndi anthu oyandikana nacho omwe."

Usiku wina Yohane anaimba foni. Anati kwathu kwabwera malo ogona alendo, waya wa nkhalango wasunthidwa, ndipo manda athu atsalira m'kati. Kumeneko n'kumene kuli bambo, ndipo amayi ananeneratu kuti adzagona pambali pawo. Ndinakalipa mpaka woyandikana naye chipinda anagogoda khoma.

"Mwavomera bwanji, zitsiru inu!"

"Mukalipe bwino, akulu," anatero Yohane. "Inu mulibe njovu kumeneko." Anadula.

Amayi atamwalira ndinabwerera. M'mawa wa tsiku loika, adzukulu analoledwa kukakumba. Koma titafika ndi bokosi pageti, tinapeza potseka. Akuti alendo akuonera mikango kufupi ndi mandawo, nyimbo zathu ziithawitsa, tidikire kapena tibwere mawa. Mawa? Kwathu bokosi likatuluka m'nyumba silibwereranso. Dzuwa linali litakwera, amayi ali pamapewa athu, azimayi atasiya kuimba.

Ndinatola mwala kuti ndiphwanye loko. Wina anandigwira dzanja. Anali Yohane, atavala yunifomu yobiriwira pansi pa jekete la maliro, kiyi ali m'manja. Palibe anandiuzapo kuti amagwira ntchito kumeneko.

"Iwe? Ukutsekera amako?"

"Miyezi imene munali zii ija, amayi ankadya chiyani?" anandifunsa. "Mankhwala awo, bokosi mwanyamulali, zonse zachokera kwa alendo omwewo. Ndikatsegula, ntchito yatha."

Mwala sindinautaye. Tinayang'anana. Kenako Yohane anatukwana chapansipansi, n'kutsegula yekha, natsogola ndi mfuti paphewa.

Tili m'kati, galimoto ya alendo inaima pambali pa njira. Mikango inali itathawa, ndiye mafoni onse anatembenukira kwa ife. Ndinakumbukira tiana ta akambuku tija tikupatsiridwa m'manja. Ndinafuna kuwathamangira, koma ndikanasiya bokosi likanapendekeka. Ndinangotembenuza nkhope, azimayi n'kukweza nyimbo.

Amayi tinawaika pambali pa bambo. Yohane anamuchotsa ntchito sabata yomweyo, ndipo ana ake tsopano ali pamsana panga.

Anthu amandifunsa ngati alendo aziloledwa m'nkhalango. Kale ndinkayankha mofuula. Lero ndimangowauza zomwe ndinapeza: ndinasiya mudzi umene tinkaopa njovu, ndapeza mudzi umene mwana amapempha kiyi kuti akaone manda a make, ndipo kiyiyo tsopano ili ndi munthu wosatidziwa.