Chilonda Chakuda cha Atsibweni

Tsiku limenelo agogo ankapeta mapira. Ine ndinkaingitsa nkhuku. Atsibweni a Jasi anali pansi pa msau, akudzikanda patsaya.

Makolo anga anamwalira ndili wakhanda. Anandilera ndi agogo, ndipo mwamuna pakhomo anali atsibweni okha. Mudzi wathu unali kumwera kwa Marka, m'dziko la Apwitikizi.

Masiku apitawo mbuzi yathu inafa yokha, magazi akuda akutuluka m'mphuno. Agogo anati ikwiriridwe. Atsibweni anakwirira nyama, koma chikopa anasenda n'kuchikoleka paphewa. Ankafuna chokhalira kumowa. Patsaya panatuluka kachiphuphu koyabwa ngati poluma udzudzu. Kanasanduka thuza. Thuzalo litaphulika, pakati panada ngati khala. Sipankawawa, koma nkhope inatupa mpaka diso linatsekeka. Ana ankawatcha dzungu.

Tsiku lopeta mapira lija mfuti zinalira chakudambo. Utsi unakwera pamudzi woyandikana ndi wathu. Agogo anamanga mapira pansalu. Ine ndinasenza mphika. Atsibweni anatenga chikopa.

Panjira tinamva kuti asipai, asilikali akuda a Apwitikizi, akugwira amuna kuti akasenze katundu wa nkhondo. Agogo sankatha kuwoloka madambo okha. Atsibweni ndiwo ankawabereka. Akanagwidwa, ife tikanatsala m'bango.

Asipai anatipeza pachitsime. Wamkulu wawo anagwira atsibweni pamkono n'kuwatembenuza nkhope. Ataona chilondacho, anausiya mkonowo msanga. Anapukuta dzanja pakabudula, kenako paudzu. Anatiuza kuti tichoke.

A Zuze, oyandikana nafe nyumba, anaona zonsezi ali m'tchire. Anasinja makala, anasakaniza ndi mafuta a nsatsi, anapaka patsaya. Mkamwa anaunjikamo masau kuti tsaya litupe. Kenako anafunsa atsibweni ngati zikufanana. Atsibweni anayang'ana ndi diso lotsala lija, mwaluso ngati mmisiri.

"Chanucho n'chaching'ono, achimwene. Onjezerani."

A Zuze anaonjezera.

Pafupi ndi malire tinakumana ndi asipai ena. Dzuwa linali paliwombo. Atsibweni anadutsa atatukula tsaya ngati mfumu, agogo ali kumsana. A Zuze anaima pamzere, thukuta lili kamukamu. Chilonda chawo chinayamba kuyenda. Chinatsika pachibwano n'kukalowa m'khosi. Msipai anawafunsa dzina. Masau anagwa pansi limodzilimodzi. Asipai anaseka. A Zuze nawonso anaseka. Anawamanga chingwe m'chiuno.

Tinafika ku mishoni ina kufupi ndi Nsanje. Atsibweni anali atatentha thupi. Wothandiza odwala anati nthendayo imachokera ku ziweto zofa zokha, ndipo ena imawapha kutupa kukafika pammero. Anatsuka chilondacho ndi mankhwala onunkha n'kuchimanga. Anati asachikande, asachitemere. Chikopa anachinyamula ndi ndodo n'kukachitentha. Atsibweni sanalire nyumba yathu, koma chikopa anachilira.

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono. Diso linatseguka. Nkhanambo yakuda inagwa yokha, panatsala chipsera chozungulira. Atsibweni anaitola kuti aisunge, ati mwina asipai adzabweranso. Agogo anawalanda ndi chipande n'kuiponya pamoto ndi chipande chomwe.

Tinamanga m'dera la amfumu a Malemia, tonse atatu. Akazi a a Zuze anamanga pafupi nafe. Mawu akamveka kuti amtengatenga ena, osenza katundu wa nkhondo aja, abwerako, ankapita kukaima panjira ya ku Marka. Ankabwerera okha. Atsibweni ankawalimira munda chaka ndi chaka. Masau sanadyenso.