Bulauzi yoyera ya a Deliwe Mtambalika

Zija munamva zoti a Gresham Mtambalika ankazemberana ndi mayi wa ku Kenya ku holo ya okalamba ya ku Utawala, akazi awo ali gone pabedi, ndi bodza. Ndikudziwa kuti ndi bodza chifukwa amene analiyambitsa ndine. Musakwinye nkhope. Inu amene munalilandira, n'kulithira mchere, n'kulitumiza pafoni mpaka ku Blantyre, sukulu munapita kuposa ine. Ine ndinalekezera Sitandade 6, ndipo kuno ku Nairobi ndimangogulitsa zitenje ndi usipa m'nyumba za Amalawi. Ndimalowa m'makomo ambiri, ndiye ndimatulukamonso ndi zambiri.

A Gresham anabwera kuno akadali ndi tsitsi lakuda. Anali dalaivala wa bungwe lina ku Lilongwe, ndipo bwana wawo atasamutsidwira ku ofesi ya ku Westlands, anakana kukwera galimoto yoyendetsa munthu wina. Bwanayo anapita kwawo kalekale, a Gresham anatsala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi akuyendetsa mabwana, tayi pakhosi, nsapato zoti mutha kudziyang'anirapo. Njira zachidule za Nairobi yense ankazidziwa, koma pamene pamakhala mchere m'nyumba mwawo sankapadziwa. Zimenezo zinali za a Deliwe, akazi awo, mayi wa mvano wochokera ku Zomba, amene ankasoka pa makina opalasa ndi mwendo n'kuveka theka la ana a Amalawi kuno.

Atapuma pa ntchito tonse tinkati abwerera kumudzi. Katundu anali atayamba kale kumanga pamene a Deliwe anagwa kubafa ndi sitiroko. Dzanja lamanja linapindika n'kukakamira pachifuwa, mwendo unafa, pakamwa panapotoka. Madokotala awo anali ku Parklands, ndiye ulendo unathera pomwepo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Watipa, ali pabanja ku Lilongwe. M'kanyumba ka ku Utawala munatsala anthu awiri ndi makina osoka.

Pafupi ndi msewu waukulu wa Eastern Bypass pali holo ya tchalitchi china, momwe Lachitatu lililonse m'mawa mumakumana anthu opuma pa ntchito. Aphunzitsi akale, manesi, apolisi amene mimba zinakana kupuma nawo. Lamulo lawo ndi limodzi: aliyense aphunzitse anzake chimene akudziwa, ndipo aphunzire chimene sakudziwa. Wina amaphunzitsa kutumiza zithunzi pafoni, wina kuyeza shuga, kenako tiyi ndi mandasi. A Gresham analowa gululi kuti azipumako mpweya wakunja. Phunziro lawo linali kusintha tayala, ndipo ophunzira awo anali agogo asanu ndi awiri amene moyo wawo wonse akwera matatu, maminibasi a kuno.

Tsiku lina atabwerako, a Deliwe anawalozera sutikesi ndi chibwano. M'menemo munali nsalu yoyera.

"Abambo a Watipa," anatero, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa, "bulauzi yanga ya mvano siingalowenso dzanja ili. Tsiku langa likafika adzandiveka chiyani?"

"Iwe, usamalankhule zimenezo."

"Ndalankhula kale. Ikhale yotsegula kumbuyo, mkono wamanja waukulu."

"Ndipita nayo kwa telala mawa."

"Telala wa chiyani? Chibadwire sindinavalepo chosoka mlendo. Makina ali apowa afa nawonso? Chovala changa chomaliza chituluke m'nyumba muno."

"Ine kusoka? Ine?"

"Galimoto munkayendetsa. Singano ikulumani?"

Mayi wa mvano amapita m'manda atavala zoyera zake, izi ngakhale mwana amadziwa. Koma palinso china chimene tonse timadziwa: munthu sakonzera maliro mnzake akadapuma. Mukapezeka mukusoka chovala cha m'bokosi mwini wake akumwa phala, kwathu sati ndinu wachikondi. Amati mwamudya ndinu, mukungodikira tsiku. Nkhani yotere ikanafika kwa alongo awo a Deliwe ku Zomba, a Gresham sakanaponda pamaliro. Choncho anatseka pakamwa, n'kukalembetsa phunziro la zosoka, mwamuna yekhayekha pakati pa amayi khumi ndi mmodzi.

Mphunzitsi wake anali Consolata, mayi wamasiye wa ku Kenya konkuno amene anasoka mayunifolomu a ana asukulu zaka makumi atatu. Wamfupi, magalasi pamphuno, pakamwa ngati panga. Iye yekha ndiye anauzidwa zoona, ndipo zonse za m'kalasimo anandifotokozera ndi iyeyo pambuyo pake, akundiyang'ana ngati nsabwe.

Akuti tsiku loyamba a Gresham anapalasa makina ngati akuthawa apolisi. Ulusi unapotana, singano inathyoka.

"Mzee, pole pole!" anakuwa Consolata m'Chiswahili, kuwauza kuti achepetse liwiro. "Si msewu wa ku Mombasa uno. Mukufuna kupitirira ndani?"

Amayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu zophunzirira. A Gresham anangokonza tayi, n'kupempha singano ina. Miyezi iwiri anasoka mapilo opotoka. Mwezi wachitatu anaphunzira kuboola mabatani. Nsalu yoyera ija sanaikhudze, ankaopa kuiwononga. Kunyumba ankayeserera pa makina a akazi awo, eni ake ali pabedi kumvetsera.

"Mwakhotetsa," ankatero a Deliwe, osaona n'komwe.

"Waona bwanji uli chogona?"

"Ndamva kulira kwa makina. Sosolani."

Tsopano apa ndi pamene ndikulowa ine. Lachitatu lina ndinatsika matatu pafupi ndi holo ija, chikwama cha usipa pamutu. Ndinamva kuseka, ndipo khosi langa silimva kuseka osatembenuka. Pawindo ndinaona a Gresham atagwira dzanja la Consolata, atalipinda n'kuligunditsa pachifuwa pake, tepi yoyezera ikuzungulira paphewa. Lero ndikudziwa kuti ankaphunzira kuyeza mkono wa dzanja lopindika. Tsiku limenelo ndinangoona nkhalamba ya tayi itagwira mayi wa eni pamtima. Usipa wa sabata imeneyo unatha msanga, chifukwa nyumba iliyonse inkandiitana kuti ndibwerezenso.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero athu a Amalawi, Mayi Emmie anaimitsa a Gresham pakhomo. Mayi Emmie ndi amene amatsogolera amayi kuno, amagwira ntchito ku bungwe lalikulu ndipo Chingerezi chawo chimachita kutuluka m'mphuno.

"Bambo Mtambalika, mwadzuka bwanji? Tikumva kuti mwabwerera ku sukulu."

"Eya mayi, tikuphunzirako pang'ono."

"Pa msinkhu umenewu? Aphunzitsi ake akuti ndi a manja ofewa."

Anthu anaseka. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse. A Gresham anayang'ana nsapato zawo, n'kunena kuti, "Zikomo mayi," basi. Anaona kuti kutchedwa wachimasomaso n'kopepuka kusiyana ndi kutchedwa mfiti. Kuyambira pamenepo abambo anasiya kuwaitana ku mpira wa pa TV. Amayi tinkapitabe kukazonda a Deliwe, koma tinkasankha Lachitatu m'mawa, kuti tikawapeze ali okha ndi wantchito n'kupukusa mitu. A Deliwe ankatiyang'ana ndi diso lawo labwino lija. Kamodzi anandiuza kuti, "Iwe, pakamwa pako padzakupweteka." Ndinkayesa akunena za mtengo wa zitenje.

Bulauzi inatha mu Julaye, nthawi yozizira ija. Anaisita, anaionetsa kwa mwini wake. Akuti a Deliwe anaisisita ndi dzanja lamanzere kuchokera kukhosi mpaka pansi, n'kunena kuti, "Mukanakhala wophunzira wanga ndikanakubwezani. Koma ndivala." Patatha masabata atatu anamwalira, m'mawa, a Gresham akuwaphikira phala limene anali ataphunzira kuphika chaka chomwecho.

Tsiku losambitsa thupi tinapita amayi asanu ku nyumba ya chisoni, bokosi lisanapite ku bwalo la ndege. Mwamuna salowa m'chipinda chimenecho, amadikira panja ndi amuna anzake. Tikulowa, a Gresham anaimirira n'kupereka jumbo kwa Mayi Emmie ndi manja awiri.

"Muwaveke iyi."

Mayi Emmie anasuzumiramo. "Yatsopano? Yotsegula kumbuyo kale? Wasoka ndani?"

Abambo onse anatchera makutu. Mlongo wawo wa a Deliwe, amene anabwera pandege dzulo lake, anali pomwepo. A Gresham anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mlamu wawoyo.

"Yachokera ku gulu lathu lija la Lachitatu," anatero.

Chitseko chitatsekedwa, Mayi Emmie anaponya jumbo ija pansi pa tebulo. "Mkazi uja alibe manyazi. Walanda mwamuna, akufunanso aveke mtembo?" Tonse tinavomera, ine patsogolo. Anatulutsa bulauzi yawo ina m'chikwama, tinaing'amba kumbuyo ndi sizasi, mkono wamanja tinaung'ambanso kuti dzanja lilowe, n'kubisa pong'ambikapo ndi maluwa.

Poona nkhope, a Gresham anafika pabokosi n'kuwerama. Sanayang'ane nkhope nthawi yaitali. Anayang'ana kolala. Anaigwira ndi zala ziwiri, kolala yowongoka bwino ya m'sitolo, n'kuisiya. Kenako anatiyang'ana amayi tonse mmodzimmodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Mwagwira ntchito, amayi," n'kukakhala pansi.

Jumbo ija ndinaitola ndine. Ndinati nsalu yabwino isatayike, ndisaname. Kunyumba nditaitambasula patapita masiku angapo ndinaona kolala yake mbali imodzi yaitali, ina yaifupi, mabatani osayang'anana, ndi timadontho tiwiri ta magazi m'kati mwa msoko, pamene singano inalasa chala. Munthu wosoka zaka makumi atatu sangasoke zotero ngakhale ataledzera. Ndinakwera boda, kabaza wa njinga yamoto, kupita kwa Consolata. Pamene ankamaliza kundiuza, a Deliwe anali atagona kale m'dothi la ku Zomba masiku awiri.

A Gresham anabwerako patatha mwezi, akuti kumudzi palibe amene akuwadziwa kupatula manda. Lachitatu amapitabe ku holo. Za matayala anasiya, pano amathandiza agogo amene maso anafooka kulowetsa ulusi pa singano. Ndinawapititsira bulauzi ija nditaikulunga m'chitenje chatsopano, mawu opepesa nditawakonza njira yonse. Anailandira, anaiika pa makina, n'kundifunsa ngati ndamwa tiyi. Mawu aja ndinabwerera nawo osawanena, n'chifukwa chake ndawalemba pano, kuti amene munamva za pawindo mumvenso izi.

Bulauzi ija anasoka ndi a Gresham ndi manja awo atatumidwa ndi akazi awo, ndipo a Deliwe anapita osaivala chifukwa cha ine.