Fayilo Imene Chiswe Sichinadye

Chaka chimene tinayamba kuzolowera zoti zipani n'zambiri, ofesi yathu ku Mitundu inalandira kalata yoti tisamukira ku Nathenje, koma mapepala akale tisapite nawo. Ena aotchedwe, ena atumizidwe ku Zomba, kumene boma limasunga zolemba zake mpaka kalekale. Ine ndinali taipisiti pa ofesiyo, ntchito imene ndinaiyamba ndili mtsikana wosadziwa n'kumanga duku komwe.

Mapepalawo ankakhala m'kachipinda ka kuseri. Abale inu, kachipinda kaja! Mafayilo mpaka kudenga, makoswe ataberekerana momwemo, fungo la mileme lokulonjera uli pakhomo. Munthu akabwera kudzafunsa pepala lakale, yankho lathu linali limodzi: "Pepani, zinadyedwa ndi chiswe." Osadzuka n'komwe pampando. Chiswe cha ku Mitundu tinachinamizira zambiri.

Kunabwera bambo ena a ku Zomba kudzatiwongolera, aafupi, aimvi, oyankhula pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba. Anamanga kampango pamphuno, nandiuza kuti ntchito yonse ndi ya milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zootcha: makalata opempha tchuthi, oitanira misonkhano, zinthu zoti ntchito yake inatha kale. Wachiwiri ndi wa zoti zidikire zaka zingapo. Wachitatu ndi wa zosunga mpaka muyaya, monga za malo ndi za milandu. Za mulu wachitatuwu tinkazichotsa mapini onse, poti dzimbiri limadya pepala, n'kuzimanga ndi kachingwe koyera, n'kuzilonga m'makatoni, katoni iliyonse ndi nambala yake. Kenako ine pamakina, kutaipa mndandanda wa mafayilo, makope atatu ndi kaboni. Limodzi lotsala nafe, lina lopita ndi makatoni, lachitatu lodzabwerera atasaina kuti alandira.

"Nanga zootchazi, bambo, osangopatsa azimayi a mandasi bwanji?" ndinafunsa. "Ife kale lonse timatero."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Mayi, pepala la boma silipsa popanda kalata yololeza. Ndipo zootchazo nazonso mudzazilembera mndandanda wake."

Ndinangoseka, osadziwa kuti mawu amenewo adzandipeza.

Pamsika, moyang'anizana ndi ofesi yathu, pankakhala mayi ena ogulitsa tomato wopikula kwa anzawo. Anali akumudzi kwathu. M'nthawi ya chipani chimodzi mpingo wawo unkakana kugula makadi a chipani, ndiye anathawira ku Mozambique, banja lonse. Amuna awo anafera komweko. Zinthu zitasintha anabwerera ndi ana awo aakazi awiri, n'kupeza dimba la makolo awo, la kudambo, likulimidwa ndi ena. Enawo tinali ife. Mayi anga ndi amene ankalima dimbalo, ndipo mpiru, nzimbe ndi mondokwa wa m'chilimwe zimene zinalera ana anga zinkachokera mmenemo.

Mayi a tomato aja atadandaula kumudzi, anauzidwa kuti akatenge pepala la ku ofesi losonyeza kuti malowo anali awo, poti akuluakulu odziwa malire ambiri anali atatsogola. Anabwera kawiri konse, n'kukhala pansi pafupi ndi tebulo langa. Kawiri konse ndinawauza za chiswe. Sindinafufuze. Kunena zoona, ndinkaopa kupeza.

Sabata yachiwiri ya ntchito ya milu ija ndinaipeza, fayilo yopyapyala yobiriwira, yopanda n'kabowo komwe. Munali mapepala awiri okha. Loyamba linali chojambula cha mlangizi wa zaulimi, chosonyeza dimbalo ndi dzina la amayi awo a mayi aja. Lachiwiri inali kalata yonena kuti eni malo anathawa dziko, malo alibe mwini, apatsidwe kwa mayi anga. Pansi pake panali chidindo cha chala cha malume anga, malemu. Pakona, pamene ife mataipisiti timaika zilembo zoyamba za maina athu kuti zidziwike anataipa ndani, panali zilembo zanga. Ndinaitaipa ndine, chaka changa choyamba pantchito, malume ataimirira kumbuyo kwanga.

Bambo a ku Zomba anali atatembenukira kukhoma, akumanga katoni. Fayiloyo ndinailowetsa pakati pa mulu wa zootcha, n'kupitiriza ntchito ngati palibe chachitika.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinapeza mayi kudimba akuthirira, chitenje atakwinyira m'mawondo. Ndinawauza zimene ndapeza.

"Iwe, usandiuze zimenezo," anatero osaweramuka. "Malume ako anapita nazo. Ine ndinapeza bango lokhalokha muno, ndinazula ndi manja awa. Moto ulipo, si choncho?"

Sankanama. Bangolo anazuladi okha, ndipo zitsime ziwiri za m'dimbamo anakumba ndi iwo. Ndinabwerera ku Mitundu nditasenza mtolo wa nzimbe, mtima utakhazikika kuti fayiloyo ipse basi.

Lolemba bambo aja anati tiyambe mndandanda wa zootcha. Ndinalowetsa mapepala atatu ndi makaboni awiri m'makina. Fayilo iliyonse inali ndi mzere wake: nambala, mutu wa nkhani, chifukwa choiotchera. Pamapeto, dzina la amene wasankha. Ndinataipa mmawa wonse, chifukwa chake chimodzimodzi, chakuti ntchito yake inatha. Itakwana nthawi yoti tikapume, dzanja langa linatola fayilo yobiriwira ija.

Nambala ndinataipa. Mutu ndinataipa. Pa chifukwa ndinaima. Pawindo ndinkawaona mayi aja akuunjika tomato wawo timilu tinayitinayi, akuingitsa ntchentche. Makina anali omwe aja amene ndinataipira kalata yoyamba, mpando womwe uja. Tsiku lija ndinali mwana, malume ali kumbuyo. Lero kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Ndinachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu.

Ndinasolola mapepala atatu aja m'makina n'kuwang'amba, ntchito ya mmawa wonse. Fayilo ndinakaipereka kwa bambo a ku Zomba.

"Iyi inasokera, bambo. Ndi ya malo."

Anavala magalasi, nawerenga mapepala onse awiri. Ndinaona maso awo atafika pakona paja, kenako pa mndandanda wa sabata yapitayo umene unali patebulo, wa zilembo zomwezo.

"Chotsani pini," anatero. "Ngati alipo wofuna kope, mumulembere lero. Katoni ikamangidwa, adzayenera kupita ku Zomba."

Makina ojambula mapepala anali kutauni kokha, ndiye kalatayo ndinaitaipanso ndekha, liwu ndi liwu, chojambula n'kuchitsata pa kaboni. Abwana a ofesi yathu anadinda chidindo chotsimikiza kuti n'zofanana. Ndinawoloka msewu, n'kunjuta pafupi ndi tomato uja. Mayiwo sankadziwa kuwerenga, choncho ndinawawerengera zonse, mpaka chala cha malume, mpaka pakona.

"Zilembo izi ndi zanga, mayi. Ndinataipa ndine."

Anapukuta tomato mmodzi ndi chitenje. Kenako anati, "Ndiye chiswe chija chalavula?"

Ndinafuna kuseka, koma inatuluka ndi misozi, pamsika, anthu akuona. Iwo anapinda mapepalawo bwinobwino, nawamanga pansonga ya chitenje.

Nkhani inakambidwa kumudzi mvula isanagwe, ndipo dimba linabwerera kwa eni ake. Makatoni ananyamuka pa lole ya boma, ndipo patapita miyezi kope lachitatu lija linatipeza ku Nathenje litasainidwa. Fayilo yobiriwira inali m'katoni ya nambala seveni. Iliko mpaka lero, ndi chala cha malume, ndi zilembo zanga.

Mayi anga sanandikalipire. Bola akanatero. Anangosiya kundifunsa za kuntchito, ndipo kudambo sanapondeko phazi. Ankakhala pakhonde, ndowa yawo yothiririra itavundikiridwa pansi pa nkhokwe.

Chilimwe chotsatira ndinagula mpiru pamsika wa Mitundu kwa mwana wa mayi aja, n'kupita nawo kumudzi osanena kumene ndautenga. Ndinauphika wotendera, momwe mayi anga ankaukondera. Mayi anatapa kamodzi, natafuna nthawi yaitali.

"Wa kuchitsime cha kumunsi uwu," anatero. "Uwauze asamathirire dzuwa lili pamutu, ukuwawa."

Anakankhira mbale kwa ine, nasamba m'manja.