Kukapempha Masiku kwa Munthu Amene Ndinamunyoza

Tinanyamuka ku Chidzolomondo Lachiwiri mame asanaume, ine ndi alamu anga a Lesitala. Lamulo linali litabwera loti mudzi wathu wonse usamukire kufupi ndi msasa wa asilikali pofika Loweruka, chifukwa anthu a m'tchire, zigawenga zimene zinkamenyana ndi boma, anali atayandikira. Chimanga chinali chikadali m'munda, ndipo wosamuka sankaloledwa kubwerera. Anthu anagwirizana kuti wina akapemphe mwezi umodzi kudzera kwa deputadu, phungu wathu, a Kamwendo, amene anali kumsonkhano ku Furancungo. Anasankha ine, ati ndili ndi pakamwa.

Pakamwa pomwepo ndi pamene pankandidetsa nkhawa. Masiku amenewo wofuna udeputadu ankamuimika pamaso pa anthu, aliyense n'kunena zimene akumudziwira, kenako n'kukweza manja. Tsiku la a Kamwendo ine ndinaimirira n'kunena kuti munthu amene mbuzi zake zimadya m'minda ya eni, iye osapepesa, sangatiyankhulire. Anthu anaseka mpaka misozi. Anapambanabe, ndipo chiyambire tsikulo moni wathu unali wozizira.

Pamsewu waukulu tinafika dzuwa litakwera, n'kuyamba kudikira koluna, magalimoto oyenda pamodzi ndi asilikali. Inatulukira masana, malole anayi. Woyendetsa lole ya fodya anayang'ana ndalama zanga, mametikali, ngati ndamupatsa masamba a mpiru.

"Mayi, pepalali ndikagula nalo chiyani? Mulibe nyemba?"

Nyemba ndinali nazo, zimene ndinatengera a Kamwendo. Mbale ziwiri zinapita, tinakwera.

Sindinaonepo lole yodzaza anthu ili chete chonchija. Aliyense maso anali pamsewu, paliponse pamene dothi linkaoneka lofukulidwa. Titaima pamlatho wina, bambo wachikulire wonyamula kathumba ka mchere anandigwira mkono ndikutsika kuti ndikadzithandize.

"Pondani m'mapazi a matayala, mwana wanga. M'mbalimu muli mina, mabomba okwirira."

Ndinabwerera pamalo panga. Zimene ndinkatsikirazo zinadikira mpaka ku Furancungo. Bamboyo atamva za ulendo wathu anapukusa mutu. "Deputadu? Amenewo ntchito yawo n'kuwomba m'manja." A Lesitala anam'patsa mbatata yootcha kuti atseke pakamwa, koma mawuwo anali atandilowa kale.

Ku Furancungo tinalowa dzuwa litapendeka. Msilikali wa pachipata anawerenga giya yathu, chikalata cha ulendo, kawiri konse, n'kutilozera nyumba ya msonkhano. A Kamwendo tinawapeza panja panthawi yopuma, akutafuna nzimbe. Anali ataonda, jekete ili lendelende. Ndinagwada, mawu onse amene ndinakonza m'njira n'kuthawa.

"Mayi Nabanda," anatero, "ngati mwabwerera mbuzi, dziwani kuti zinapita zonse ndi nkhondo. Minda yanu ili pamtendere."

Manyazi anandigwira, koma ndinafotokoza. Anamvetsera osandidula.

"Ine sindilamula asilikali, mayi. Changa n'kuyankhula basi, ngati inu. Ndikanena mwezi andiseka. Mutakolola nonse pamodzi, munda ndi munda, pakufunika masiku angati? Nenani zoona, osati za pamsika."

"Masabata awiri, akamarada," ndinatero, monga tinkaitanira akuluakulu a boma masiku amenewo.

Anapukuta manja n'kulowa. Ife tinakhala pansi pa zenera. Chipwitikizi changa n'chogulira mchere, choncho ndinkangotola dzina la mudzi wathu ndi liwu lakuti milyu, chimanga. Wina anamenya tebulo. A Kamwendo anayankhulanso, mawu akunjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti nawonso akuopa. Ndinatsina a Lesitala mpaka anandichotsa dzanja.

Anatuluka thukuta lili kamukamu, atagwira pepala lodinda.

"Masiku asanu ndi limodzi pamwamba pa Loweruka. Asilikali aziperekeza okolola. Kupitirira apo ndalephera."

Ndinakwiya, sindinama. Kuika moyo wanga pa lole ija chifukwa cha masiku osakwana sabata! Ndinatsegula pakamwa, koma a Lesitala anandiponda chala, n'kuthokoza m'malo mwanga. Nyemba zotsala a Kamwendo anazikana, ati tikakwerere pobwerera.

Tinagona kwa msuweni wa a Lesitala. Koluna yobwerera inanyamuka Lachinayi, ndipo tsiku lonse la Lachitatu ndinangokhala pakhonde, kuwerenga ndi zala masiku akutha. Titafika kumudzi anthu sanafunse n'komwe za ulendo. Anamva nambala, n'kutola madengu. Tinayambira minda ya kudambo, yapafupi, tikusenza chimanga chouma ndi chosauma chomwe, ana ndi nkhalamba, asilikali ataima kumapeto kwa mizere.

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati kupita kwa aphungu kumathandiza. Ine ndimangonena zimene ndinaona: tinapempha mwezi, tinapatsidwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo tikanapanda kupita tikanasamuka chimanjamanja. Munda wanga unali wakutali kuposa yonse, m'mbali mwa phiri. Tsiku lomaliza linatha tisanaufike. Tikusamuka ndinauona patali uli chiimire, ndipo ndinalira poyera. Chaka chimenecho ana anga anadya chimanga cha m'minda ya eni, ndipo onse anayi anaiona mvula yotsatira.